Kaseteredwe ka gavanala pa injini ya kathirakitala kotchetchera udzu

Injini ya kathirakitala ikayamba kulira mokwera ndi kutsika yokha, kapena ikamafooka mipeni ikangolowa mu udzu wowirira, dzanja limayabwa kufuna kukoka sipuling'i ya gavanala kapena kupinda kachitsulo kena mpaka kulirako kukome m'khutu. Umo ndi mmene injini zabwinobwino zimafera. Gavanala sawonjezera mphamvu ya injini. Ntchito yake ndi kusunga liwiro lomwe mwasankha, ntchito ilemere kapena ipepuke, komanso kuletsa injini kuthamanga kupitirira pomwe zitsulo zake zingapirire. Kumuseta kuli ndi ndondomeko yake, ndipo gawo lofunika kwambiri limachitika injini ili chete.

Zomwe zimachitika m'katimo

M'injini zambiri za timathirakitala, kaya ndi Briggs & Stratton, Kohler, Kawasaki kapena Honda, muli kagiya komwe kamazungulira mu oilo, koyendetsedwa ndi giya ya crankshaft kapena ya camshaft, mashafuti aakulu ozungulira m'kati mwa injini. Pa kagiyako pali tizitsulo tolemera tomwe timatha kutambasuka ndi kupindika. Injini ikamathamanga, tizitsuloti timatambasukira kunja n'kukankha kachikho kali pakati. Kachikhoko kamakankha shafuti yopyapyala yomwe imabowola khoma la injini n'kutulukira kunja. Nsonga ya shafutiyo ndi imene mumaiona, ndipo pamenepo mpomwe mkono wa gavanala wamangidwa ndi bawuti ndi nati. Kuchoka pa mkonowo pali kandodo ka waya wolimba kopita ku kabuleta, komwe kamatsegula ndi kutseka kachitseko ka throttle, kolowetsa mpweya ndi petulo mu injini.

Ndiye pali sipuling'i. Mbali imodzi imakoledwa pa mkono wa gavanala, inayo pa chitsulo chomwe chimayenda mukasuntha liva ya moto ili pafupi ndi chiwongolero, ija ili ndi chithunzi cha kamba uku ndi cha kalulu uko. Ambiri amaganiza kuti livayi imatsegula throttle mwachindunji ngati pa njinga yamoto. Ayi ndithu, imangokoka sipuling'i basi. Sipuling'i imafuna kachitseko katseguke, tizitsulo ta m'kati timafuna katseke, ndipo zimakhala ngati magulu awiri okokana chingwe: pomwe mphamvu zawo zalingana mpomwe injini imakhazikika. Mipeni ikalowa mu udzu wambiri injini imachedwa pang'ono, tizitsulo timafooka, sipuling'i n'kutsegula kachitseko. Mukatuluka mu udzumo injini imayamba kuthamanga, tizitsulo timatambasuka n'kubweza kachitsekoko. Nzeru yake ndi yakale: James Watt anaika gavanala wa mipira iwiri yozungulira pa injini yake ya nthunzi mu 1788, ndipo wa m'kathirakitala kanu amagwira ntchito chimodzimodzi, kungoti ndi wamng'ono.

Injini zazing'onozi zambiri sizinapangidwe kuti zizipitirira kwambiri 3,600 rpm (kuzungulira maulendo 3,600 pa mphindi), komwe ndi kuzungulira maulendo 60 pa sekondi iliyonse. Mphamvu yomwe imakoka zitsulo zozungulira imakula msanga kuposa liwirolo. Mukakweza kuchoka pa 3,600 kufika pa 4,500 rpm mwawonjezera liwiro ndi 25 peresenti, koma mphamvu yokoka con rod (ndodo yolumikiza pisitoni ndi crankshaft) ndi flywheel (gudumu lolemera lozungulira ndi injini) yakwera ndi 56 peresenti. Con rod ya injinizi nthawi zambiri ndi ya aluminiyamu ndipo ikaduka imabowola khoma la injini. Flywheel ya chitsulo chosungunula ikasweka, zidutswa zake zimauluka momwe zingavulazire munthu koopsa. Palinso nkhani ya mipeni. Muyezo wa ku United States wa ANSI B71.1 umaletsa nsonga ya mpeni wotchetchera kuthamanga kuposa mapazi 19,000 pa mphindi, pafupifupi mamita 96 pa sekondi, ndipo n'chifukwa chake opanga timathirakitala ambiri amaika liwiro lapamwamba pansi pa 3,600. Nambala yoyenera kanu ili m'buku la kathirakitalako. Ipezeni musanagwire sipanala.

Choyamba: tsimikizani kuti wolakwa ndi gavanala

Kulira kokwera ndi kutsika kuja nthawi zambiri si vuto la gavanala. Mkono wake umaoneka ukugwedezeka uku ndi uku, ndiye anthu amaloza iye chala, chonsecho akungoyesa kupulumutsa injini yomwe ikuperewera petulo. Kajeti ka idling, kabowo kopereka petulo injini ikamalira pang'onopang'ono ilibe ntchito, kakatsekeka ndi litsiro kapena ndi phula la petulo wokhalitsa, injini imafuna kuzima, gavanala amatsegula kachitseko, petulo amabwera wambiri kudzera mu jeti yaikulu, injini imathamanga, gavanala amatseka, n'kuyambiranso. Gasiketi yong'ambika pakati pa kabuleta ndi injini imachita zomwezo chifukwa imalowetsa mpweya wakuba.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Injini ikulira, kokani choki pang'ono, theka kapena kucheperapo. Ikakhazikika nthawi yomweyo, vuto ndi la petulo: tsukani kabuleta, sinthani gasiketi, thirani petulo watsopano, gavanala mumusiye. Mungathenso kugwira kandodo kopita ku kabuleta ndi kamtengo kuti kasagwedezeke, mosamala ndi ekizozi yotentha. Injini ikamadukizabe kandodo kali chiimire, gavanala alibe mlandu. Ikalira mosalala, pitirizani ndi zotsatirazi.

Onaninso zooneka ndi maso. Udzu wouma ndi matope zimaunjikana pa mkono n'kuuletsa kuyenda. Kandodo kamatha kupindika, timabowo take n'kukula chifukwa cha kudyeka. Pa injini zambiri pali kasipuling'i kopyapyala kwambiri kokulunga kandodoko, kochotsa kugwedera m'timabowo, ndipo kakaduka kapena kusowa injini imayamba kusakhazikika. Kebulo ya liva ya moto nayo imatha kutsetsereka pa kalampu kake, moti mukaika pa kalulu sipuling'i sikokedwa mpaka pamapeto. Masulani kalampuko, kankhani chitsulo chokokera sipuling'i chifike pomwe chimathera, mangani. Injini zina "zofooka" zimachira ndi zimenezi zokha.

Chachiwiri: konzekerani

Mufunika sipanala yokwana pa nati ya mkono, nthawi zambiri ya 10 mm kapena 3/8 ya inchi, sikuludiraiva yafulati, pulayala ya kamwa yaitali, kamsomali kakang'ono ndi tachometer, kachipangizo koyeza rpm ya injini. Popanda tachometer musayambe ntchitoyi. Khutu silingakuuzeni molondola ngati injini ili pa 3,300 kapena pa 3,900, ndipo injini yothamanga mopitirira imamveka ngati yamphamvu, ndiye imanyenga ngakhale amakaniko ozolowera.

Imikani kathirakitala pamalo athyathyathya, panja, chifukwa utsi wa injini uli ndi carbon monoxide yemwe sanunkha koma amapha m'chipinda chotseka. Mangani buleki yoimikira, giya ikhale pa neutral, mipeni ikhale yozimitsa. Zulani kiyi. Chotsani waya wa pulagi n'kuuika patali ndi pulagiyo, ndipo ngati injini ndi ya masilinda awiri chotsani onse awiri. Kenako jambulani ndi foni momwe sipuling'i ndi kandodo zakolekedwera. Mkono wa gavanala umakhala ndi timabowo tingapo toyandikana, ndipo sipuling'i ikangovuka simudzakumbuka komwe inali.

Dziwaninso kachitseko koyenera. M'kabuleta muli tiwiri. Koyandikira sefa ya mpweya ndi ka choki, koyandikira injini ndi ka throttle. Kunja kwake, kamkono ka throttle kali ndi sikuluwu ya idling yomwe kamagunda kakatseka. Kakagunda sikuluwuyo ndiye kuti katseka, kakapita mbali inayo mpaka kuima ndiye kuti katsegukiratu.

Chachitatu: kuseta injini itazima

Apa mpomwe pagona ntchito yonse. Cholinga chake ndi chimodzi: kachitseko ka throttle kakhale katatsegukiratu pa nthawi yomwe shafuti ya gavanala yakhudza kachikho ka m'kati, tizitsulo tili tofunyata. Mkono ndi shafuti zikamangidwa pamenepo, tizitsulo tikangoyamba kutambasuka kachitseko kamamva nthawi yomweyo.

Ikani liva ya moto pa kalulu, osafika pa choki ngati liva yake ndi imodzi. Mudzaona kuti sipuling'i yakoka mkono ndipo throttle yatsegukiratu. Musadabwe, ndi mmene ziyenera kukhalira injini ikazima, poti palibe chokankha kuchokera m'kati.

Masulani nati ya pa mkono, osaichotsa, kungofikira poti mkono uzitha kutsetsereka pa shafuti. Ukakanirira ndi dzimbiri, donthezani oilo wofewetsa, lowetsani sikuludiraiva mu mpata wa kalampu n'kukanula pang'ono. Musamenye ndi nyundo. Shafutiyo imagwidwa ndi kapini kapena kawasha kakang'ono, ndipo kuseri kwake kuli zinthu zomwe pa injini zambiri ndi za pulasitiki.

Tsopano yendetsani mkono ndi chala, kuchoka potseka kupita potsegula, mukuyang'ana nsonga ya shafuti. Kodi mkonowo potsegula throttle ukuzungulira motsata mivi ya wotchi kapena mobwerera? Sungani yankholo, chifukwa ndilo lamulo lonse: shafuti muizungulitsira mbali yomweyo. Mabuku amasiyana malinga ndi injini. Pa Briggs & Stratton zambiri ndi motsata wotchi, pa Kohler Command ndi mobwerera. Kuloweza zimenezi n'kosathandiza kwenikweni, poti mkono womwewo umakuuzani.

Gwirani mkono throttle ili yotsegukiratu. Ndi dzanja linalo zungulitsani shafuti. Zina zili ndi mzere wolowetsa sikuludiraiva pa nsonga, zina zili ndi kabowo kopingasa kolowetsa msomali, zina mumangozigwira ndi pulayala. Imayenda pang'ono chabe, kenako mumamva yagunda n'kuima. Ikaima, yaima. Musaikakamize, mphamvu ya zala ziwiri ndi yokwanira.

Zonse ziwiri mukuzigwira choncho, mangani nati. Apa m'pofunika dzanja lachitatu, ndiye ngati pali wina pafupi mupempheni agwire mkono. Ngati muli nokha, sipuling'i imakuthandizani kugwira mkonowo poti liva ili pa kalulu, inu n'kusamala shafuti kuti isabwerere pomwe sipanala ikukoka. Nati imeneyi ndi yaing'ono. Mabuku ambiri amaika mphamvu yomangira pakati pa 4 ndi 7 Nm (newton-mita, muyezo wa mphamvu yomangira nati), kutanthauza kulimba koti mkono usatsetsereke koma osadula bawuti.

Mukalakwitsa apa zimaoneka m'njira ziwiri. Mukasiya mpata pakati pa shafuti ndi kachikho, kapena mukazungulitsira shafuti mbali yolakwika, tizitsulo timatambasuka mpaka pamapeto tisanathe kutseka throttle, ndipo injini ikangolira imathawa n'kukuwa. Mukamanga nati throttle isanatsegukiretu, kachitseko sikadzafikanso potsegukiratu ngakhale ntchito ilemere bwanji, ndipo injini imakhala yaulesi mu udzu wautali. Choncho mukamanga yesani: kankhani mkono ndi chala mpaka kamkono ka throttle kagunde sikuluwu ya idling, ndiye musiye. Uyenera kubwerera wokha mwachangu mpaka potsegukiratu, osakodwa pena paliponse.

Chachinayi: liwiro lapamwamba

Bwezerani waya wa pulagi. Sefa ya mpweya ikhale pamalo pake, chifukwa injini yopanda sefa imalira mosiyana ndi mmene idzalirire pa ntchito. Kulungani waya wa tachometer pa waya wa pulagi maulendo anayi kapena asanu. Injini zazing'onozi zimathetheka moto pa kuzungulira kulikonse, ngakhale ndi za four-stroke, ndiye ikani tachometer pa kuthetheka kumodzi pa kuzungulira kumodzi. Mukaiika molakwika idzakuonetsani nambala yowirikiza kawiri, mwina 6,600 pomwe injini ili pa 3,300, inu n'kuyamba kutsitsa liwiro lomwe linali bwinobwino.

Tsitsani liva pafupi ndi kamba ndipo lizani injini dzanja lili pa kiyi. Ikangoyamba kukuwa mopitirira, zimitsani pomwepo n'kubwerera ku gawo lachitatu. Ikalira bwino, isiyeni itenthe kwa mphindi zisanu kapena kuposerapo, kenako kwezani liva pang'onopang'ono mukuyang'ana tachometer mpaka pa kalulu.

Nthawi zambiri mukaseta bwino injini itazima, nambala imabwera yokha pomwe buku likunena, ndipo palibenso chogwira. Ikasiyana, chosintha ndi kukokeka kwa sipuling'i. Kukoka kwambiri kumakweza liwiro, kufewetsa kumatsitsa. Njira yake imatengera injini. Pa Briggs & Stratton zambiri sipuling'i imakoledwa pa kalilime kachitsulo komwe kanapangidwira kupindidwa. Pa Honda GX pali sikuluwu yoletsa liva kupitirira. Pa Kohler ndi Kawasaki zingapo mumamasula mabawuti awiri a mbale yonse yogwira kebulo n'kuisendeza pang'ono.

Kalilime kaja kapindeni pang'ono kwambiri, milimita imodzi kapena ziwiri, n'kuyezanso. Ngati kali pafupi ndi flywheel kapena ekizozi, zimitsani injini, pindani, lizaninso. N'kotopetsa, koma zala ndi zanu. Mukasintha, tsitsani liva pa kamba n'kuikwezanso kawiri katatu kuti muone ngati ikubwerera pa nambala yomweyo.

Chomwe sindingavomereze ndi kutalikitsa sipuling'i ndi pulayala kapena kudulako mizere ingapo kuti ilimbe. Sipuling'i iliyonse inapangidwa ndi kulimba kogwirizana ndi tizitsulo ta injini yake. Yofooka kapena ya dzimbiri isintheni ndi yatsopano yofanana nayo, ndipo mumaipeza ndi manambala a injini. Pa Briggs & Stratton ndi Model, Type ndi Code, odindidwa pa chivundikiro cha mavavu kapena cha flywheel. Pa Kohler ndi Model, Spec ndi Serial, olembedwa pa kachikwangwani komatidwa pa chivundikiro.

Chachisanu: idling

Ikani liva pa kamba. Sikuluwu ya idling mukailowetsa liwiro limakwera, mukaitulutsa limatsika. Briggs & Stratton zambiri zimafuna 1,750 rpm, Kohler Command zambiri 1,200. Musakopeke ndi idling yotsika kwambiri chifukwa imamveka yaulemu. Injinizi zimaziziritsidwa ndi mphepo ya flywheel, ndipo zambiri zimamwaza oilo ndi kuzungulira komweko, ndiye zikachedwetsa zonse ziwiri zimachepa.

Injini zina, monga Briggs & Stratton za masilinda awiri, zili ndi kasipuling'i kachiwiri kakang'ono komwe kamachititsa gavanala kugwira ntchito ngakhale pa idling. Pa zimenezi mumagwira kamkono ka throttle kagunde sikuluwu n'kuseta sikuluwuyo pa 1,200, kenako mumasiya kamkonoko n'kupinda kalilime ka kasipuling'i kachiwiriko mpaka 1,750. Mukakweza sikuluwu yokha mpaka 1,750, kasipuling'iko kamakhala kopanda ntchito, ndipo injini imatha kuzima mukayamba kuyenda liva ili pansi.

Chachisanu ndi chimodzi: yesani pa ntchito

Khalani pa mpando, ikani liva pa kalulu, yatsani mipeni. Injini iyenera kutsika kamphindi n'kudzukanso msanga, n'kukhazikika pansi pang'ono pa nambala ija munaseta. Kutsikako n'kwachibadwa cha gavanala wa tizitsulo: kuti kachitseko katseguke kwambiri, liwiro liyenera kutsikako kaye. Kusiyana kwa 100 kapena 200 rpm kusakudetseni nkhawa.

Timabowo ta pa mkono tija ndi tosinthira kumva kwa gavanala. Sipuling'i mukaikoleka pafupi ndi shafuti, gavanala amamva msanga ndipo liwiro silitsika kwambiri pa ntchito, koma mukanyanya amayamba kusakhazikika, kutsegula n'kutseka mosalekeza. Mukaikoleka kutali ndi shafuti amakhala wodekha, koma injini imatsika kwambiri ikalemedwa. Ndiye ngati ikukwera ndi kutsika pomwe kabuleta ndi yoyera, sendezani sipuling'i kabowo kamodzi kutali ndi shafuti. Ngati ikugwa kwambiri mipeni ikayaka, isendezeni kabowo kamodzi kuyandikira. Kamodzi kokha pa nthawi, ndipo mukatero bwererani ku tachometer chifukwa liwiro lapamwamba nalo lasintha. Kabowo komwe fakitale inaika kamakhala kolondola pafupifupi nthawi zonse, ndiye ngati chithunzi chanu chikusonyeza kuti palibe anasunthapo kale, ganizani kawiri.

Injini ikamafookabe mu udzu, wina aime pambali, patali ndi mipeni ndi potulukira udzu, ayang'ane mkono wa gavanala chivundikiro chili chotsegula. Ngati wafika potsegukiratu koma injini ikugwabe, gavanala wapereka zonse zomwe angathe. Funani kwina: mipeni yobuntha, udzu womatirira pansi pa mbale ya mipeni, sefa yotsekeka, mpata wa mavavu wosokonekera, kapena silinda imodzi yosayaka pa injini ya masilinda awiri, yomwe imalira bwino ndithu ilibe ntchito koma n'kugwa ikangolemedwa.

Zikakanika kunja, vuto lili m'kati

Mwaseta kawiri molondola koma injini ikuthawabe. Zimitsani, masulani nati ija n'kuzungulitsa shafuti yokha. Ikamazungulira kwambiri osagunda chilichonse, kagiya ka m'kati kathyoka kapena tizitsulo tagwera mu sampu, pansi pa injini pomwe pamakhala oilo. Chizindikiro china mumachimva ndi chala: pa injini yabwino yomwe ikulira pang'onopang'ono, mukakankhira mkono pang'ono kotsegula, umakukankhani kubwerera. Ukakhala wofewa osalimbana nanu, m'katimo mulibe chogwira ntchito.

Injini yotereyi musailizenso. Pa Briggs & Stratton zambiri za silinda imodzi zokhala ndi shafuti yoimirira, kagiya ka gavanala ndi komwekonso kamamwaza oilo, ndiye kakathyoka injini imasowa zonse ziwiri, ndipo zidutswa zake zimayendayenda pakati pa magiya. Kukonza kwake ndi kutsitsa injini, kukhetsa oilo, kutsegula sampu, kutola chidutswa chilichonse, kuika kagiya katsopano ndi gasiketi yatsopano, kenako kuyambiranso pa gawo lachitatu musanalize.

Ngati pa injini yanu simukupeza shafuti yotuluka m'khoma, ingakhale ya mtundu wina. Zina zing'onozing'ono ndi zakale zili ndi gavanala wa mphepo, kachipepala ka pulasitiki kapena kachitsulo pansi pa chivundikiro cha flywheel komwe kamakankhidwa ndi mphepo. Kameneka kalibe nati yoseta: vundukulani, chotsani udzu ndi zisa za mbewa, onani ngati kakuyenda momasuka, ndipo liwiro mulisete ndi sipuling'i monga pa gawo lachinayi. Zina zatsopano zopanda kabuleta zili ndi gavanala wa magetsi, kamota kakang'ono pa throttle kolamulidwa ndi kompyuta ya injini. Pa zimenezo palibe chopinda kapena chomasula, ndipo vuto lake limafufuzidwa ndi makina oyezera a kampani yomwe inapanga injiniyo.